Zimene Sikirini Inaulula ku Mponela

Pa tebulo la pakhomo pa holo, pamene ankaperekera mabaji a mayina, panakhala munthu amene Hana sankafuna kumuona ngakhale kutulo. Anali atangotsika kumene minibasi yochokera ku Ntchisi, mphepo ya mu Juni itamuuma milomo, ndipo ankangofuna kulandira baji yake n'kupeza pokhala. Koma tsoka silinunkha. Wogawa mabajiyo anali Luckness.

"Dzina?" anafunsa Luckness, osadzutsa n'komwe mutu.

"Mukulidziwa."

"Anthu ndi ambiri, achemwali. Sitingasunge aliyense m'mutu."

"Hana Kachiwanda."

Luckness anayendetsa chala pa mndandanda pang'onopang'ono ngati wangoyamba kumene sukulu ya kwacha.

"Eya, mwapezeka. Bungwe la alimi, Ntchisi. Kodi kumeneko kulinso maseva? Ine ndimayesa kuli masikelo okhaokha."

"Aliko. Ndipo athu sagwa."

"Zili bwino. Mukakhale kutsogolo, a Lonjezo akuyankhula leveni koloko. Taye yabuluu ija imawakhala, ndinawasankhira ndine kalekale."

Hana anatsonya, n'kutsomphola bajiyo. Akanakhala kumsika akanamuyankha zoti akasimbe kwawo, koma pano panali pa hotela, pakati pa anthu a masuti, ndiye anangomeza.

Nkhani ya atatuwa ndi iyi. Lonjezo, katswiri wa maseva pa kampani ina ya ku Lilongwe, anali bwenzi la Hana kwa chaka ndi miyezi inayi. Luckness anali chibwenzi chake chakale. Iye ndi Lonjezo anakulira limodzi pa esiteti ya fodya kuseri kwa mapiri a Dowa, makolo awo onse ali matenanti ochokera ku Phalombe. Lonjezo analumbira, dzanja lili pachifuwa, kuti za Luckness zinatha asanakumane n'komwe ndi Hana. Hana anakhulupirira, ndipo sanalekere pokhulupirira pokha, anamenyanso nkhondo. Kwawo ku Kasakula amalume ake, a Elifala, mwini mbumba, sankafuna kumva za mwana wa tenanti. "Anthu amenewo kwawo n'kuti?" ankatero. "Lero ali pa esiteti iyi, chaka chamawa ali pa ina. Ukadzavutika m'banjamo, ife tidzakadandaula kwa yani?" Hana anayankha, analira, mpaka anakhala miyezi itatu osaponda kwawo. Mu Febuluwale amalume a Lonjezo, a Gregorio, anakagogoda ku Kasakula kukafunsira mbeta. A Elifala sanavomere, sanakanenso. Anangoti alendowo adzabwerenso fodya akatha. Tsiku lobwereralo linali mawa lake, Loweruka.

*

Msonkhanowo unali wa anthu osamala maseva, makompyuta aakulu aja amene amasunga zinthu za m'maofesi. Mutu wake unali luso loika makompyuta ambiri m'mimba mwa kompyuta imodzi, limene eni ake amalitchula ndi dzina lotalika ngati msewu wa ku Kasakula nthawi ya mvula: vechuwalaizeshoni. Kuntchito Hana analemba kuti akupita kukaphunzira. Zoona zake, anabwera kudzaona mwamuna wake wamawa akuyankhula pagulu koyamba.

Nthawi ya tiyi itakwana, anthu anakhamukira pakhonde. Apa mpamene panali msonkhano weniweni. Aliyense dzanja limodzi kapu, lina kakhadi ka dzina, samusa ali kukamwa, akufunsana kuti "Inu muli kuti masiku ano?" ngakhale anthu oti sanaonanepo chibadwire. Bambo wina wa ku Mzuzu, dzina lake Alexio, wamtali, wa mafoni atatu, anawerenga baji ya Hana n'kuima.

"Ku Ntchisi? Mumatani magetsi akathima?"

"Timapitiriza ntchito," anayankha Hana. "Ndili ndi kompyuta imodzi yakale, ndinaikamo zitatu m'kati mwake. Ina ya mayina a alimi, ina ya katundu, ina yosungira zonse. Zonsezo zimayendera batire la sola."

"Kompyuta imodzi? Mayi, ife tili ndi chipinda chodzaza makina koma sabata siitha osalira. Tandipatsani nambala. Anyamata, bwerani mudzamve kuno!"

Posakhalitsa Hana anazunguliridwa ndi anthu asanu, mafunso ali mbwee, makhadi akulowa m'chikwama. Wina anamulowetsa m'gulu la pafoni la msonkhanowo. Mtima unayamba kutsika. Za Luckness anaziiwala pang'ono.

Kenako anatulukira Lonjezo, ali ndi bwana wake. Taye inali yabuluu.

"Bwana, awa ndi a Alexio a ku Mzuzu," anatero Lonjezo. "Ndipo awa ndi a Hana, anzathu a ku Ntchisi."

Bwanayo anapereka moni wa nsonga za zala n'kupitirira. Hana anamukoka Lonjezo pa mkono wa jekete mpaka kuseri kwa chipilala.

"Anzathu?"

"Hana, pano ndi pantchito."

"Mawa ku Kasakula ukanenanso kuti anzathu a ku Ntchisi?"

"Usayambe, chonde. Kwatsala mphindi khumi kuti ndikwere kutsogoloko, mutu wanga uli pa zimenezo."

"Nanga taye imeneyi anakugulira ndani?"

"Taye? Kodi lero tikangana za taye?"

Belu linalira. Lonjezo anamusisita paphewa monga amachitira munthu ndi mnzake wa mu ofesi, n'kuthamangira m'holo. Hana anatsala ndi tiyi wozizira m'kapu, ndipo anamuthira pa maluwa.

*

Hana anakhalabe kutsogolo, mzere wachiwiri, pafupi ndi Alexio. Kupsa mtima n'kwina, chikondi n'china. Lonjezo atayamba kuyankhula, mawu ali phee, nthabwala zikugwa pamalo pake, Hana anapezeka akumwetulira yekha. Anaganiza kuti a Elifala akanakhalapo akanaona okha mwana wa tenanti akuphunzitsa anthu makumi asanu ndi atatu.

"Tsopano ndikuonetseni sinapushoti," anatero Lonjezo, laputopu yake ikuoneka pa sikirini yaikulu ya pakhoma. "Sinapushoti ndi kujambula kompyuta ya m'kati monga ilili nthawi imeneyo, pamodzi ndi zonse zimene zatsegulidwa. Ikadzawonongeka, simulira. Mumangoibwezera pa tsiku limene munaijambula. Taonani, ndiiwononga dala, kenako ndiidzutsa."

Anaiwonongadi. Anthu anaseka. Anadina kuti aibwezere pa sinapushoti imene anakonza dzulo lake, ndipo pa sikirini panatuluka zilembo zofiira. Anadinanso. Zofiira zomwezo.

"Yakana!" anafuula wina kumbuyo, holo yonse n'kufa nacho chiseko.

Thukuta linayamba kutsika m'masaya mwa Lonjezo ngakhale kunja kunkazizira. Bwana wake anapinda manja, nkhope itakwinyika. Hana anamva chisoni chikumulasa. Anayang'anitsitsa mndandanda umene unali m'mbali mwa sikirini, n'kuona kuti m'munsi mwake munali kompyuta ina ya m'kati, yopanda dzina lomveka, yokhala ndi sinapushoti yakeyake. Sanaganize kawiri. Anaimirira.

"Pali ina m'munsimo! Ya pa 9 Malichi iyo. Onetsani ndi imeneyo, ndi chimodzimodzi."

"Mayiwa anena zoona," anavomereza Alexio. "Dinani imeneyo, achimwene, nthawi ikutha."

Lonjezo anali atasowa pogwira. Sanawerenge, sanakumbukire, anangodina. Kamzere kobiriwira kanayenda mpaka kumapeto, kompyuta ija n'kudzuka monga inalili pa 9 Malichi. Anthu anayamba kuwomba m'manja. Kenako manja aja anayamba kuchepa, chifukwa anthu anayamba kuwerenga.

Pa sikirini panali potseguka pa mauthenga. Pamwamba panali dzina la Luckness ndi kamtima kofiira. Panali chithunzi cha Luckness yemweyo atavala chitenje, atagwada pambali pa mayi wachikulire kutsogolo kwa chigafa cha fodya, onse awiri akuseka. M'munsi mwake munali mawu, zilembo zake zazikulu ngati za pa chikwangwani cha sitolo:

"Ndafika bwino, wokondedwa. Amayi andipatsa nkhuku. Ati amalume ako abwere kwathu fodya akangogulitsidwa."

Ndipo yankho la Lonjezo:

"Usadere nkhawa. Zonse zili m'manja mwanga."

"Aaa, koma ndi mayi a mabaji aja!" anatero wina. Mitu yonse inatembenukira kukhomo, kumene Luckness anaima atagwira pakamwa. "Ukwati wabwino, abwana! Mutiitane!" Manja anawombedwanso kuposa poyamba, ena mpaka likhweru.

Lonjezo anazula chingwe cha pulojekita ngati chamuluma. Koma Hana anali ataona kale, anawerenga kawiri konse, ndipo anali chiimire pakati pa anthu okhala. Mutu wake unkangowerengera masiku. A Gregorio anagwada pabwalo la a Elifala pa 15 Febuluwale. Pa 9 Malichi panali patadutsa masabata atatu okha.

"Mayi, mwatipulumutsa," anatero Alexio akuseka, osadziwa kanthu. "Khalani pansi."

Hana sanakhale. Anadutsa pa mawondo a anthu osapepesa ndi mmodzi yemwe.

*

Lonjezo anamupeza kuseri kwa holo, pafupi ndi thanki ya madzi.

"Hana, dikira."

"Musandigwire, bambo."

"Tandimvera kaye. Zimene zija ndi zakale."

"Zakale? Malichi wa chaka chino ndi kale? Amalume ako atagwada kale kwathu, amayi anga atawaphera nkhuku, iwe unali kutumiza mkazi wina kukalandira nkhuku kwa amayi ako?"

"Amayi amamukonda Luckness, anamulera ngati mwana wawo. Ali ndi vuto la kuthamanga magazi, sindikanawauza zonse nthawi imodzi. Ndinkangowanyengerera. Mu Epulo ndinathetsa, ndinafufuta zonse pa foni, ukhoza kuona wekha."

Anatulutsa foni. Hana anaikankha, pang'onong'ono igwere m'ngalande.

"Usandiyese wa masikelo, Lonjezo. Ntchito imeneyi ndimagwira inenso. Munthu satsegula mauthenga a chibwenzi m'kompyuta ya m'kati mwangozi. Unakhala pansi, unaganiza, unamumangira nyumba yakeyake mmenemo, yopanda dzina pakhomo, kuti ine ndikagwira foni yako ndisapeze kanthu. Ndipo ndinkaigwiradi foniyo, n'kumadzitukwana ndekha kuti ndine wansanje. Iwe uli phee, ukundiyang'ana!"

Lonjezo anayang'ana pansi.

"Ndipo unaijambuliranji sinapushoti? Unkafuna ukadzasowa kolowera udzabwerere pomwe unasiyira?"

"Inkajambula yokha Lamulungu lililonse. Imeneyo ndinaiwala kuifufuta."

"Unaiwala. Katswiri wa ku Lilongwe anaiwala." Hana anaseka kuseka kowawa. "Chabwino, tisiye zimenezo. Ine kwa amayi ako wanditengerako liti? Chaka ndi miyezi inayi! Ndikafunsa, akuti msewu waipa. Ndikafunsanso, akuti fodya wachuluka. Lero ndawaona koyamba apongozi anga pa khoma la hotela, pamodzi ndi anthu makumi asanu ndi atatu, ali ndi mpongozi wina pambali!"

"Nyumba yathu ndi ya udzu, Hana. Chitseko chake ndi cha malata akale. Ndinkachita manyazi."

"Manyazi ndi ine? Ine amene mtundu wanga wonse wandinyoza chifukwa cha nyumba ya udzu yomweyo? Azakhali anga anandifunsa pa maliro, anthu ali tcheru, ngati ndidzasoke fodya pa ukwati wanga. Ndinawayankha kuti ndidzasoka, ndipo ndidzanyadira. Miyezi itatu sindinaone nkhope ya mayi anga ondibala chifukwa cha iwe. Ndiye lero ukuti manyazi?"

Misozi inabwera, koma inali ya ukali, ndipo anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja isanafike patsaya.

"Ndalakwa," anatero Lonjezo motsitsa mawu. "Ndalakwa kwambiri. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Mawa lidutse kaye. Usawauze a Elifala. Akangomva izi, basi, sadzatsegulanso khomo. Ndimakukonda iweyo, Hana, osati wina."

"Mapanga awiri avumbwitsa, Lonjezo."

Chitseko cha kumbuyo chinatseguka. Bwana uja anasuzumira.

"Lonjezo! Anthu akudikira mafunso. Tiye msanga."

Lonjezo anayang'ana Hana, anayang'ana bwana wake, anayang'ananso Hana.

"Mphindi makumi awiri zokha. Usachoke, chonde."

Anakonza taye yake n'kulowa.

*

Foni ya Hana inkangonjenjemera. M'gulu la msonkhano lija wina anali ataponyamo kale chithunzi cha sikirini, ndipo timitima tinkangogwa. "Sinapushoti ya chaka!" analemba wina. "Seva yagwa koma banja laima," anawonjezera mnzake. Anthu omwewo amene anamupatsa makhadi nthawi ya tiyi ndiwo ankaseka kwambiri. Sankadziwa, koma kusadziwa kwawoko sikunachepetse ululu.

"Mwaiwala chikwama chanu."

Anali Luckness. Anachiika pa khoma la thanki, n'kuima patali pang'ono, manja m'chiuno.

"Sindinakonze ndine zimene zija, musandiyang'ane choncho. Mwaitanitsa nokha. Koma poti mwaona, mwaona. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achemwali. Ine amayi ake amandidziwa, ndimawatungira madzi. Inu amakudziwani ndani?"

"Akuti munasiyana mu Epulo."

"Tinakangana mu Epulo. Kukangana ndi kusiyana ndi zinthu ziwiri. Timakangana chiyambire tili ana."

"Ndiye konzekani kukangana kwenikweni," anatero Hana. "Mawa amalume ake akubwera kwathu ku Kasakula kudzamva yankho. Ulendo wachiwiri umenewu. Tikatero tikukonza chinkhoswe."

Manja a Luckness anatsika m'chiuno. Mwano wonse uja unachoka pankhope pake.

"Mawa? Amalume ake ati?"

"A Gregorio."

"A Gregorio," anabwereza Luckness. Kenako anaseka, koma maso ake anali atafiira. "Ambuye wanga. Ndiye kuti tonse awiri watidyetsa phala limodzi."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ine ndikanena muti ndi nsanje. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pitani nokha. Mukwere njinga yamoto pa siteji, munene kuti pa esiteti ya kuseri kwa phiri, pa zigafa zisanu ndi ziwiri. Mukafunse mayi Falesi, amayi ake a Lonjezo. Mukawafunse za a Gregorio amenewo."

Anatembenuka n'kumapita, koma sanalowe m'holo. Analowera kuchimbudzi cha amayi, akuthamanga.

*

Mphindi makumi awiri za Lonjezo zisanathe, Hana anali kale pa njinga yamoto, chikwama cha laputopu atachikumbatira pamimba, baji ikuuluka kumsana. Msewu wafumbi unakwera, unatsika, unadutsa minda yokololedwa kale ndi mapesi oimikidwa. Foni inalira kasanu. Sanayankhe. Ankadziwa bwino kuti mkazi sapita yekha kwa apongozi asanamuonetse, kuti a Elifala atamva akhoza kudwala nazo. Koma mwambo unali utathyoledwa kale ndi ena, iye ankangodutsa pa mpata.

Mayi Falesi anawapeza pansi pa chigafa, atatambasula miyendo pa chiguduli, akusankha fodya womaliza wa chaka. Anali mayi wochepa thupi, wa maso ofanana ndendende ndi a Lonjezo. Hana anavula nsapato, anagwada chapatali, n'kuwomba m'manja.

"Odi, amayi."

"Eee, fikani. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu amayi?"

"Taswera. Kodi ndinu a zaulimi? Abwana a esiteti kulibe, apita ku okushoni."

"Ayi, amayi. Ndine Hana. Hana wa ku Kasakula."

Anadikira. Ankayembekeza mkwiyo, kapena kunyoza, kapena kuti amuthamangitse. Zonsezo akanazipirira. Koma mayi Falesi anangomuyang'ana mwaulemu, monga munthu amayang'anira mlendo wosochera.

"Hana wa kwa yani, mwanangu?"

Apa mpamene Hana anamva kuwawa kwenikweni. Za pa sikirini zija zinali zochepa. Chaka ndi miyezi inayi akumenyera nkhondo nyumba iyi, ndipo m'nyumbamo dzina lake linali lisanatchulidwepo ndi kamodzi komwe.

Anafotokoza zonse, mawu ali gwa, osalira. Za chibwenzi, za Febuluwale, za mawa. Mayi Falesi anasiya kusankha. Tsamba limene linali m'manja mwawo analigwira mpaka linafumbutuka.

"Mwati anabwera kwanu ndani?"

"Amalume ake. A Gregorio."

"Wamfupi, wadazi, wa dzino lagolide?"

"Omwewo."

"Mayo ine!" Mayi Falesi anamenya manja pa ntchafu. "Gregorio anali kapitawo pa esiteti pano, anamuchotsa zaka zisanu zapitazo. Pano amangokhala pa Mponela, anthu amamubwereka akakhala ndi milandu chifukwa ali ndi pakamwa pokoma. Si m'bale wathu ameneyo, ngakhale wa kumtundu. Ine mlongo wanga ndi mmodzi, Godwin, ali ku Phalombe, ndipo ali moyo! Amadya, amayenda, foni ali nayo!"

Hana anagwira pansi ndi dzanja. Anakumbukira a Gregorio atakhala pa mpando wa alendo, chipewa chili pabondo, akusimba za mudzi wa makolo ku Phalombe ndi mmene anamulerera Lonjezo pamiyendo pawo. Anakumbukira amayi ake akuwagwadira powapatsa madzi osamba m'manja. Nkhoswe ndi munthu amene banja likavuta mumathamangirako, mwana akadwala mumamuuza, maliro akagwa amayamba kumva ndi iye. Lonjezo anakabwereka munthu woteroyo pa siteji, monga amabwerekera jekete.

"Mwana ameneyu wandiika m'manda ndili moyo," anatero mayi Falesi, mawu akukwera. "Ndinasoka fodya zala mpaka kutuluka magazi kuti apite kusukulu. Lero wakagula malume pamsika? Ife tanunkha utsi, eti? Sitikuyenera kukhala pa mipando ya ku Kasakula?" Anamuloza Hana ndi chala. "Ndipo inu, mayi, musaone ngati ndili mbali yanu. Ine mpongozi ndili naye kale, ndinamupatsa nkhuku ndi manja angawa. Inu sindikukudziwani."

"Ngakhale ine sindinabwere kudzapempha malo," anayankha Hana. "Ndinabwera kudzamva zoona, ndipo ndamva."

Anayang'anizana, aliyense atakwiya, ndipo onse awiri ankadziwa kuti wowakwiyitsa ndi mmodzi. Mayi Falesi anadzuka, anakutumula chitenje, n'kulowa m'nyumba.

Foni inaliranso. Hana anati aizimitse, koma dzina limene linali pamenepo silinali la Lonjezo. Anali a Elifala.

"Amalume."

"Hana, mwana wa mlongo wanga." Mawu awo anali ofewa, mtundu wa mawu umene Hana anali asanaumve chaka chonsecho. "Ndati ndikuuze ndekha, usachite kumva kwa ena. Ndakhala ndikuganiza. Ndinakuumira mtima, mwanawe. Chimene ndinkaopa ine n'chakuti mnyamatayu alibe anthu kumbuyo kwake. Koma a Gregorio aja ndi munthu. Dzulo anandiimbiranso, ulemu wake, mayankhulidwe ake, iai. Mbumba yokhala ndi mwini wotere singabale mwana wachabe. Mawa ndivomera."

Hana anakanikiza foni kukhutu.

"Ndaitana azakhali ako onse, aja ankakuseka aja, adzamve ndi makutu awo. Achibale a ku Mvera afika kale masana ano. Akulu a mpingo awiri abweranso kudzaikira umboni. Wapambana, Hana. Unkanena zoona ndiwe."

Chitseko cha malata chinalira. Mayi Falesi anatuluka atavala chitenje cha kutchalitchi ndi mpango woyera, nsapato zapulasitiki kuphazi, kajumbo ka zovala kukhwapa. Anakoka chitseko, anakolowekapo waya, n'kudzaima pamaso pa Hana.

"Dzukani, mayi. Ku Kasakula sindikudziwako, munditsogolere. Ndikufuna ndikamuone mlongo wanga watsopanoyo."

"Hana?" anaitana a Elifala pa foni. "Ukundimva? Bwanji uli zii, sukusangalala?"

Hana anayang'ana mayi amene anaima patsogolo pake, milomo atailuma, maso ali psuu.

"Ndikumva, amalume," anatero. "Ndikubwera. Koma sindili ndekha."